Kupima Kompuresheni ya Masilinda pa Ndege Zazing'ono

Mwa ndege zimene zimatera pa mabwalo a kum'mawa kwa Zambia, monga la Lundazi, la Chipata ndi la Mfuwe, muli zazing'ono za mtundu wa Cessna 206 ndi 210. Injini zake ndi za Continental kapena Lycoming, za masilinda asanu ndi limodzi oziziritsidwa ndi mphepo. Ndege yotere ikamanyamula anthu olipira imaunikidwa maola 100 alionse amene yauluka, ndipo pa kuunikako amapimanso kompuresheni, kuti adziwe ngati silinda iliyonse ikusunga bwino mpweya.

Makaniko wa galimoto amaliza sitata n'kuwerenga pamene singano ya geji yafika. Wa ndege satero. Iye amapopera mpweya m'silinda kuchokera ku kompuresa, n'kuona kuchuluka kwa umene ukuthawa. Chipangizo chake chili ndi mageji awiri, ndipo pakati pake pali kabowo kopimidwa bwino, ka mainchesi 0.040 m'mimba mwake pa injini zambiri zazing'ono. Geji yoyamba imaonetsa mpweya wolowa, umene amauika pa 80 psi. Yachiwiri imaonetsa wotsala m'silinda. N'chifukwa chake zotsatira zimalembedwa ngati 74/80.

Injini amayamba ailiza kuti itenthe, popeza pisitoni ndi maring'i zimakwana bwino m'silinda zikatentha. Akaizimitsa amatseka mafuta, amaonetsetsa kuti mamagineto ndi ozima, n'kuchotsa pulagi imodzi pa silinda iliyonse. Kenako amazunguza pulopela ndi manja, chala chili pa bowo la pulagi, mpaka amve mpweya ukukankha. Apo ndiye kuti mavavu onse awiri atseka ndipo pisitoni ikukwera. Pisitoni ikafika pamwamba penipeni ndi pamene amatsegula mpweya, pang'onopang'ono. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri: wina pa mageji, wina atagwiritsitsa pulopela, thupi lake lili pambali. Mpweya wa 80 psi pa pisitoni ya mainchesi oposa asanu m'mimba mwake umakankha ndi mphamvu yoposa makilogalamu 700. Pisitoni ikangophonya pamwamba paja, pulopela imaphwethuka ndipo itha kuthyola mkono kapena kupha amene waima m'njira yake.

Pa tanthauzo la manambala, opanga injini sagwirizana. A Lycoming amati silinda yopitirira 70/80 ili bwino, yotsika pa 65/80 yayamba kutha ndipo iziunikidwa pafupipafupi, pamene yotsika pa 60/80 ndi yofunika kulingalira zoichotsa. A Continental amati makaniko ayambe wapima chipangizo chake pa kabowo kena kapadera tsiku lomwelo, ndipo nambala imene apeze, kawirikawiri ya pakati pa 40 ndi 50, ndiyo malire. Kuyambira 2003 amafunanso kuti asuzumire m'silinda ndi kakamera kolowetsa pa bowo la pulagi. Njira iyi yapulumutsa masilinda ambiri abwinobwino, ndipo nkhani si ya ndalama zokha, ngakhale kuti silinda yatsopano imagulidwa kunja ndi madola: kumasula ndi kumanganso mabawuti ake nakonso kuli ndi ngozi zake.

Nambala payokha sinena pamene pali vuto. Makaniko amatchera khutu ngati wokonza njinga pamsika akamasaka pamene chubu chabooka. Mpweya ukamamveka pothirira oyilo, ukudutsa m'maring'i, ndipo pang'ono potere pamaloledwa. Ukamamveka kolowera mphepo ya injini, vavu yolowetsa sikutseka. Ukamamveka ku ekizozi, nkhawa imakula, chifukwa vavu yotulutsa utsi ikayamba kupsa m'mphepete siichedwa kubenthuka ndege ili m'mwamba. Pa kakamera, vavu yabwino imaoneka ndi mtundu wofanana kuzungulira konse, pamene yopsa imakhala ndi banga mbali imodzi, nthawi zina lobiriwira.

Silinda ikapereka nambala yotsika saithamangira kuimasula. Mafuta a ndege a 100LL ali ndi mtovu, ndipo kanyenyeswa kake kakhoza kukhala pamene vavu imatsekera. Mipata ya maring'i nayo nthawi zina imangoyang'anizana. Choncho injini amailizanso kapena kuiulutsa, n'kupimanso ili yotentha. A Continental amati iuluke mphindi zosachepera 45.

Zimene zimadya masilinda kuno ndi fumbi ndi dzimbiri. M'chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ndege yonyamuka pa bwalo la dothi imameza fumbi ngati sefa ya mphepo ili yong'ambika kapena yosakhala bwino, ndipo fumbilo limapala maring'i ndi khoma la silinda. M'dzinja, ndege yongokhala masabata ambiri osauluka imachita dzimbiri m'kati. Manambala a silinda iliyonse amalembedwa m'buku la injini pamodzi ndi tsiku ndi maola ake, kuti wopima ulendo wotsatira ayerekeze: silinda imene yakhala pa 68/80 kwa maola 400 siidetsa nkhawa ngati imene yatsika kuchoka pa 76/80 kufika pa 66/80 m'maola 100 okha.