Za nanzikambe wa kuseri kwa nkhokwe yanga

Abale anga a pano pa Mua ndi inu a m'tauni, ndamva kuti nkhani yafika mpaka ku Area 25 ndi ku Ndirande yoti ine ndayamba kuweta zachilendo kuseri kwa nkhokwe. Alamu anga ena anachita kundiimbira foni usiku, mawu ali pansipansi, kufunsa ngati pakhomo pali bwino. Ndiye ndati ndilembe ndekha, poti mukamva kwa ena mumva zothira mchere. Inde, n'zoona. Pakhomo panga panali nanzikambe m'khola, ena mumati bilimankhwe, ndipo wakhala miyezi itatu ndi theka. Kholalo ndinamanga ndine ndi manja angawa. Sindinapenge ayi.

Zinayamba mu Januwale tikubandira chimanga. Mukumudziwa mdzukulu wanga uja wa zaka 9, amene mayi ake anapita ku Johannesburg chaka chatha. Chichokereni mayi ake, mwanayu anangoti zii. Ukamufunsa kanthu amangogwedeza mutu, nsima kudya mbamu ziwiri basi wasamba m'manja. Tsiku limenelo akuweruka kusukulu anapeza anzake atazungulira nanzikambe pamsewu wotsikira ku M5, wina atathamanga kale kukapempha fodya wa mphuno kuti amuthire m'kamwa, monga tinkachitira ifenso tili ana. Mwana wofatsa uja anamenya ndewu. Anafika pakhomo malaya atang'ambika paphewa, nanzikambe atakakamira kumtengo wa chinangwa, n'kuima patsogolo panga amvekere: "Agogo, musamuphe. Ndizimusunga ine." Panali patatha milungu ndisanamve mawu ochuluka chotero kuchokera pakamwa pake.

Mayi a kunyumba sanachedwe. "Bambo, chimenecho chikalowa m'nyumba muno ine ndikagona kwa achemwali anga." Sindinawatsutse, chifukwa nanenso thupi linali litachita tsembwe. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti nanzikambe akakuluma umadwala khate, ndipo kuno ku Mua, kumene kale kunali chipatala cha akhate, mawu amenewo sanali oseweretsa. Tinkauzidwanso kuti akafuna kubereka amakwera mumtengo n'kudzigwetsa pansi, mimba n'kuphulika. Koma ndikayang'ana nkhope ya mwana, mawu oti kamutaye anandikanika.

Usiku woyamba ndinalakwitsa zonse. Ndinamuika m'ndowa, ndinaponyamo masamba ndi ziwala zisanu, pamwamba n'kuphimba ndi neti yakale ya udzudzu. M'mawa ziwala zonse zili gada, zafa, mwiniwake wada bii ngati khala, wayasamula kukamwa akufwenthera. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti maneti aja amabwera ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo ngakhale neti ithaitha mankhwala satheratu. Ndikanamusiya tsiku lina limodzi tikanamukwirira.

Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mphwanga amene amaphunzitsa sayansi kusekondale. Atamaliza kundiseka, anati uyu ndi wa mtundu umene m'mabuku amati Chamaeleo dilepis, wa tizikopa tiwiri kuseri kwa mutu ngati makutu, wofala m'zigwa zathu zino. Alibe ululu, ndipo khate limabwera ndi kachilombo kake kochokera kwa munthu mnzako, nanzikambe sizimukhudza. Anandiuzanso kuti ndione kuchitendene cha mwendo wakumbuyo, poti wamphongo amakhala ndi kachipambano kakang'ono ngati ka tambala. Wathuyu analibe. Anali wamkazi. Kenako anati: "Amalume, mukafuna akhale moyo mupatseni mphepo yodutsa, dzuwa la m'mawa ndi pokwera. M'ndowa mukumuphika."

Ndiye ndinaganiza kuti m'malo mobweretsa mtengo m'khola, ndimange khola mozungulira mtengo. Kuseri kwa nkhokwe kuli kagwafa kondifika pachifuwa kamene kanamera kokha. Ndinazika nsungwi zinayi, kutalika mamita awiri, m'lifupi mita imodzi mbali zonse. Ndinakuta ndi zotsala za shedineti ya panazale ya kudimba, imene sinapoperedwepo mankhwala, koma ndinaichapabe kawiri. Zomangira ndinadula mphira wa chubu cha njinga. Chitseko ndi felemu yakale ya windo yokhala ndi waya wa sefa. Waya wa nkhuku ndinaukana, chifukwa ziwala zimatulukira m'maboowo ndipo njoka ikhoza kulowa. Musaiwale kuti nalikukuti, uja amaoneka ngati kamtengo kouma, ndiwo yake yapamtima ndi nanzikambe. Pansi ndinayala njerwa mozungulira kuti nkhuku zisafukule, ndipo m'tsinde mwa nsungwi iliyonse mwana amathira phulusa poopa linthumbu.

Denga ndinafolera udzu theka lokha, mbali ya kumapiri. Mbali ya kunyanja ndinaisiya kuti dzuwa likamatuluka lizimuomba, ndipo likafika paliwombo nkhokwe ndi udzu zimamutchinga. Inu a ku Dedza boma simungamvetse, koma kuno kunsi dzuwa la masana likhoza kumupha asanathe maola awiri ngati alibe pothawira. M'kati tinapingasa timitengo tonenepa ngati chala, tina m'mwamba tina m'munsi, kuti azisankha yekha potentha kapena pozizira. Wina akafuna kuyesa zimenezi asaikemo nkhadze, utomoni wake umaononga maso ngakhale a munthu.

Ndalama imene ndinatulutsa m'thumba ndi K6,000, ya misomali ndi mahinjesi awiri pa Mtakataka. Mphwanga uja akuti ku Ulaya ndi ku America anthu oweta nanzikambe amachita kugula mababu apadera olowa m'malo mwa dzuwa, chifukwa akasowa kuwala kwa dzuwa mafupa amafewa, miyendo n'kupindika. Amagulanso makina opopera nkhungu ndi ziwala za m'sitolo. Ndinaseka mpaka misozi. Ziwala zomwezi zimandithera nyemba kudimba, kwina munthu akuzigula ndi khadi la kubanki!

Pa madzi ndinalakwitsanso. Ndinaika kambale pansi, masiku atatu osakayang'ana n'komwe, maso n'kuyamba kulowa m'kati. Tsiku lachinayi kunawaza mvula, mwana n'kubwera akuthamanga: "Agogo, akunyambita masamba!" Kani nanzikambe samwa madzi odikha ngati nkhuku, amamwa madontho a pamasamba. Tinatenga botolo la Sobo, tinaboola kunsi ndi singano, n'kulipachika kudenga kuti lizidontha pang'onopang'ono pa gwafa. Kukakhala ng'amba mwana amawazanso ndi kanthambi m'mawa ndi madzulo. Sipuleya ya kumunda ndinamuletsa kuigwira, ngakhale itatsukidwa chotani.

Chakudya ndiye inali ntchito ya mwiniwake. Asanapite kusukulu, mame asanaume, amagwira ziwala zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ndi kuziika m'chitini cha mabowo. Ngumbi zikatuluka, phwando. Nunkhadala ayi, uja wamawangamawanga wonunkha. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti osagwira chiwala m'munda wa thonje kapena m'chimanga chimene tapopera mankhwala a mbozi. Chiyambireni mbozi zija za 2017 tonse tikupopera, ndipo ndikamaganiza tsopano, kale pobandira ndinkakumana ndi anankizambe angapo pa sabata, masiku ano mwezi umatha osamuona ndi mmodzi yemwe. Sindikuti tileke kupopera, nanga tidya chiyani, koma ndaziona.

Kumuonerera akusaka, abale, ndi kanema. Diso lina lili kwa iwe, lina lili kuchiwala. Amayenda monyang'wa, kutsogolo pang'ono kumbuyo pang'ono, ngati tsamba logwedezeka ndi mphepo. Zala zake ndi zomatana, ziwiri mbali ina zitatu mbali ina, amagwira nthambi ngati pulayazi, mchira nawonso wakulunga. Akayandikira, maso onse awiri amatembenukira pamodzi, ndiye lilime thaa! Lotalika kuposa thupi lake. Usanaphethire chiwala chili kale m'kamwa. Za mtundu nazonso tinkanamizana. Satengera malaya amene wavala. Akakhala pamtendere amabiriwira, m'mawa kukazizira amada kuti dzuwa limulowe msanga, akakwiya amatuluka madontho akuda n'kudzitukumula, ndipo usiku akagona amayezuka mbee moti ndi tochi umamuona uli patali. Sakonda kugwidwa. Mwana ndinamuuza kuti uyu si galu, chikondi chake ndi kumusiya. Anamvera. Amakhala pa njerwa ola lathunthu akumuyankhula motsitsa mawu, ndipo tsiku lina ndikudutsa ndinamva akumufotokozera za mayi ake.

Tsopano zimene zinandipweteka. Mu Malichi khanda la pakhomo lina loyandikana nafe linatentha thupi. Sabata yomweyo mayi a kunyumba akafika pamjigo anthu amangoti duu. Amene amabwera kudzapala moto kapena kupempha mchere analeka. Palibe anandiuza pamaso, koma mawu aja mumawadziwa. Khandalo analiyeza kuchipatala, anapeza malungo, linalandira mankhwala n'kuchira. Koma mphekesera ilibe jakisoni. Anyakwawa anabwera okha madzulo ena, ndinawatengera kukhola, mwana n'kuponyamo chiwala. Ataona lilime lija anaseka mpaka kugwira nsungwi. Pobwerera, tili awiri panjira, anati: "Achimwene, ine ndaona kuti palibe kanthu. Koma sindingabweretse mudzi wonse kudzaona. Amene akutunga madzi ndi anthuwa ndi akazi anu, si inu." Usiku umenewo tulo sindinatione. Mbali ina mwana wayambanso kudya ndi kuseka, mbali ina mayi amene ndakhala nawo zaka zonsezi akuyenda chozolika m'mudzi mwawo momwe.

Chondidabwitsa n'chakuti makolo athu omwewo sanamuone nanzikambe ngati mfiti. Pa nthano ya ku Kaphirintiwa, kumapiri a Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mpaka munthu anapeka moto, tchire n'kuyaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Nanzikambe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsate, koma Chauta anati wakalamba sangakwere, ndiye kangaude anamulukira ulusi wopita kumwamba. Woyatsa moto anali munthu. Nthano ina ija imati nanzikambe anatumidwa ndi uthenga woti anthu akafa azidzukanso, koma poyenda mwachidodo buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa yosabwerera. Mlandu wake wonse ndi umenewo, kuchedwa panjira. Alendo amachoka kutali kudzamva nkhani zotere ku KuNgoni, kumene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, ndi kunyumba ya chikhalidwe ya Chamare, pamene ife okhala pakhomo pa Mishoni tikuthira nanzikambe fodya m'kamwa. Mphwanga anandiuzanso kuti mu 2006 akatswiri anapatsa nanzikambe wa kuphiri la Mulanje dzina loti Nadzikambia, kuchokera ku mawu athu omwewa. Anandichenjezanso kuti pali lamulo la nyama zakutchire, ndipo anankizambe sagulitsidwa kunja popanda chilolezo. Ndiye inu amene munandifunsa mtengo wake mu inibokosi, pepani, sindichita geni imeneyo.

Nkhani anaimaliza ndi nanzikambe mwiniwake. Chakumapeto kwa Epulo anali atanenepa m'mbali, anakana chakudya, n'kutsika pansi kumangozungulira m'tsinde mwa gwafa. Tinathirapo mchenga wonyowa ndowa ziwiri. M'mawa mwake anayamba kukumba ndi manja ndi mutu, tsiku lonse, mpaka thupi lonse linabisika. Ndinakaitana mayi a kunyumba. Anakana kawiri, kachitatu anabwera ataphimba pakamwa ndi chitenje. Tinamuona atatembenuka, mutu uli kunja, akuikira timazira toyera tonga nyemba. Sanaphulike. Atamaliza anakwirira bwinobwino, n'kupondaponda dothi, n'kukwera mumtengo atafooka, khungu lili makwinya okhaokha. Mayi anayang'ana nthawi yaitali n'kuti: "Kani nayenso ndi ntchembere." Madzulo ake ndinawapeza akuthira okha madzi m'botolo la Sobo.

Tinamudyetsa sabata imodzi kuti abwerere mphamvu. Kenako ndinakhala pansi ndi mwana. Ndinamuuza kuti chilimwe chikubwera, ziwala zisowa, dzuwa la Okutobala khola lathu silingalithe, ndiponso agogo ake aakazi avutika mokwana. Analira, sindibisa. Koma Loweruka lapitali anamunyamula yekha pa mtengo wa chinangwa, tinakwera m'mbali mwa Nadzipokwe kulowera kunkhalango ya Mua-Livulezi, kutali ndi minda yopopera. Anamuika panthambi, n'kuima pomwepo mpaka sitinathenso kumusiyanitsa ndi masamba.

Mazira sitinawafukule. Akuti mtundu umenewu umaikira 20 mpaka 50, ndipo amatenga miyezi 9 mpaka chaka kuti aswe, ndiye tiyembekezera mvula ikubwerayi. Mwana akulemba miyezi ndi khala pakhoma la nkhokwe. Tagwirizana kuti ana akadzaswa tidzatsegula chitseko, palibe wosungidwanso.

Ndiye anansi anga, khola lija mukuliona lilibe kanthu, muli mazira okha pansi. Musamangirirepo mbuzi. Anyamata osaka mbewa, Ogasiti akafika moto wanu usayandikire kuseri kwa nkhokwe yanga, tidzayambana zenizeni. Amene munaleka kudzapala moto, bwerani, mayi sanasunge mangawa. Ndipo iwe mwana wanga wa ku Johannesburg, ndikudziwa umawerenga zimene ndimalemba pano. Imba Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, foni ndidzakhala nditatchajitsa. Ugule mayunitsi okwanira, mwana wako ali ndi zambiri zoti akuuze.