Masamu a Kapenta

Kapenta wa ku Siavonga amene mumagula pa kantemba si mbadwa ya ku Kariba. Anamutenga ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, naswana mpaka kukhala ndiwo ya komboni iliyonse. Lomba funso ndi lakuti: tingagwile woculuka bwanji kuti tisamumalize?

Funso limeneli ndinakumana nalo ku yunivesiti, pamene tinali kuphunzila kupanga model, ndiko kuti cithunzi ca cilengedwe colembedwa m'manambala. Mu 1838, Pierre Verhulst wa ku Belgium anaonetsa kuti zamoyo siziculuka mpaka kalekale. Zikakhala zocepa, makolo obeleka amacepa. Zikadzala, cakudya cimapelewela. Zimaculuka msanga zikakhala pa theka la zimene malo angakwanitse kudyetsa.

Kusukulu kwathu makompyuta ndi ocepa, conco ana anga a Giledi 11 ndimawaphunzitsa ndi tupendelo twa mabotolo. Desiki ndiye nyanja, ndipo imakwana tupendelo 100. Tukakhala 50, pa caka tumawonjezeka ndi 10. Tukakhala 10 kapena 90, tumawonjezeka ndi 4 cabe. Ana ndiwo asodzi. Akamatenga 10 pa caka, nyanja imakhalabe pa 50. Akamatenga 15, zaka 10 sizikwana, desiki yayela mbee.

Cimene cimandigwila mtima ndi cakuti zaka zoyamba palibe amadandaula. Aliyense akolola, aliyense aseka. Pozindikila kuti zinthu zalakwika, nsomba zobeleka zatha kale.

Tsiku lina mtsikana wina, amene amayi ake amagulitsa nsomba zouma ku Soweto Market, anafunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga ise tidye ciani pamene nsomba zikuswana?” Anali kunena za ciletso ca boma ca kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, pamene ku Kafue ndi ku Bangweulu saloledwa kusodza. M'miyezi imeneyo ndi mmene amafunikila ndalama za yunifomu ndi mabuku.

Model yanga inalibe malo a mayi ameneyo. Tinawonjezela mzela wina pa bolodi, wa ndalama za pakhomo, ndipo masamu anavuta kuposa poyamba. Koma m'kalasi munali zii, aliyense ali pa cibalo ca kuwelengela, cifukwa manje nambala iliyonse inali nsima ya munthu wina. Mtsikana uja akuti adzaphunzila za usodzi akamaliza Giledi 12. Ndamuuza kuti asunge tupendelo twake.