Misewu yonse ikupita ku Ausfahrt

Tinanyamuka ku Frankfurt m'mawa kukuwaza kamvula, tili anayi m'galimoto yahayala: ine, mnzanga wa ku Germany amene ankayendetsa, ndi banja lina lachikulire la ku Leeds, ku England. Ulendo unali wa kumwera, ku Munich, kenako kumapiri a Alps. Bambo a ku Leeds aja anakhala kutsogolo, ndipo titangolowa mumsewu waukulu wa A3 anayamba kuwerenga zikwangwani mokweza ngati awatuma.

Zikwangwani za m'misewu imeneyi n'zabuluu, zilembo zake zoyera. China chosongoka ngati muvi chinalembedwa kuti Ausfahrt. Titayenda pang'ono, chinanso, Ausfahrt. Tikuyandikira Würzburg, Ausfahrt yemweyo.

“Koma mzinda umenewu ndiye ndi waukulu,” anatero bambowo, nkhope ili duu. “Misewu yonse ikulowera komweko.”

Woyendetsa sanaseke n'komwe. Anati nthabwalayo anaimva ali mwana kwa asilikali a ku America amene ankakhala ku Würzburg, ndipo inali itakalamba kale. Ausfahrt ndi potulukira galimoto basi. Aus ndi kunja, Fahrt ndi ulendo wa pagalimoto kapena pasitima. Chimene chimavuta n'chakuti m'khutu la wolankhula Chingerezi, Fahrt imamveka chimodzimodzi ndi mawu a kwawo otanthauza kuphwisa. Ndiye tangoganizani dziko limene mawu amenewa ali paliponse. Polowera ndi Einfahrt, nthawi yonyamukira sitima ndi Abfahrt, ndipo wogulitsa mafuta akamakutsanzikani amati Gute Fahrt, kukufunirani ulendo wabwino ndi mtima wonse. Mayi a ku Leeds anapirira zonsezi mwaulemu mpaka pamene woyendetsa anatchula Christi Himmelfahrt, tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu, limene ndi holide m'dziko lonse la Germany. Apo anabisa nkhope mu mpango, mapewa okha akugwedezeka.

Tisanafike ku Nuremberg tinaima pamalo opumulira kuti timwe khofi. Pamwamba pa chitseko china panalembedwa Notausgang. Bambo aja anali atadziwa kale kuti Ausgang ndi potulukira anthu, choncho anawerenga Not ngati ya Chingerezi, yokana, n'kutiuza monyada kuti chitseko chimenecho si chotulukira. Chonsecho Not ya Chijeremani ndi ngozi kapena vuto ladzidzidzi, ndipo chitsekocho n'chimene muyenera kuthamangira moto ukabuka. Notarzt ndi dokotala wothamangira pangozi, Notbremse ndi buleki imene mumakoka sitima ikakhala pamavuto, Notruf ndi foni yoitanira thandizo pa 112. Pa mawu onse a ulendowu, awa ndi amene sindinawaseke. Zinazo zimangochititsa manyazi, koma izi zikhoza kumusiya munthu m'nyumba yoyaka akufunafuna chitseko china.

Chimene chimawapusitsa anzathuwa ndi chibale. Chingerezi ndi Chijeremani n'zapachibale kwambiri, chifukwa mitundu ya Angles ndi Saxons imene inawolokera ku Britain zaka pafupifupi 1,500 zapitazo inachokera kumpoto kwa Germany ndi ku Jutland. Mlendo akaona Haus, Hand, Butter ndi Bier n'kuzilondola zonse, amayamba kudzimva kuti chinenerochi wachidziwa, ndipo m'pamene amagwa. Ifenso timazidziwa zoterezi. Mshona akanena kuti akunyenga mtsikana amatanthauza kumufunsira mbeta, koma Mchewa akamva zimenezo amatong'ola maso.

Ku Munich tinafika dzuwa litapendeka, n'kupita pabwalo la Marienplatz kukaona chinyumba chachikulu cha nsanja yosongoka, chimene tizidole take timavina belu likamalira. Dzina lake ndi Neues Rathaus. Rat ya Chingerezi ndi khoswe, ndiye bambo aja anafunsa ngati a ku Germany ali oona mtima chotere, mpaka kulemba pakhoma za anthu amene amakhala m'menemo. Rat ya kuno ndi uphungu kapena khonsolo, ndipo Rathaus ndi likulu la khonsolo ya mzinda. Pafupi pomwepo panali sitolo yonyezimira ya mphete ndi mikanda yagolide, pamwamba pake atalemba Schmuck, kutanthauza zodzikongoletsera, mawu amene ku America amatanthauza chitsiru. Mayi aja anati potengera mitengo imene inali pawindo, dzinalo likunena za wogula.

Madzulo tinakhala pabenchi lalitali m'nyumba ina yomweramo mowa. Woperekera zakumwa, matambula akuluakulu ali m'manja monse, anaima n'kufunsa mwachidule: hell kapena dunkel? Hell ndi Gehena ku Chingerezi, koma kuno ndi chowala, ndipo mowa wa Helles ndi woyererako uja umene kampani ya Spaten inayamba kufulula mu 1894. Bambo aja, amene ndi mkulu wa mpingo kwawo, anaitanitsa Gehena wa lita imodzi ndipo anamumaliza.

Mawu amene tinakambirana nthawi yaitali usiku umenewo ndi Gift. Ku Chingerezi ndi mphatso, ku Chijeremani ndi poizoni. Woyendetsa anati a ku Germany akatsika ndege ku London amayamba aseka kaye akaona masitolo olembedwa mawuwa m'zilembo zikuluzikulu, ndi timaliboni tokongola. Komatu gwero lake ndi limodzi, kupatsa. Kale Gift ya Chijeremani inalinso chopatsidwa. Kenako anayamba kuigwiritsa ntchito ponena za muyezo wa mankhwala umene wodwala amapatsidwa, ndipo pang'onopang'ono tanthauzo linatsetserekera ku mankhwala akupha. Tanthauzo lakalelo linatsalira m'mawu akuti Mitgift, chuma chimene mkwatibwi amapita nacho kubanja. Mayi aja anayang'ana amuna awo n'kunena kuti iwo sakuonapo kutsutsana kulikonse.

M'mawa mwake tinatsika ndi msewu wa A95 mpaka ku Garmisch-Partenkirchen, m'munsi mwa Zugspitze, phiri lalitali kuposa onse ku Germany, la mamita 2,962. Koma alendo olankhula Chingerezi ambiri amayamba athamangira phiri lina la mamita 1,780, lotchedwa Wank. Tanthauzo lake ku England sindilemba m'nyuzipepala imene amawerenga apongozi anga. Ndingoti ndi kachizolowezi kamseri ka anyamata. Tingolo toyenda pachingwe tokwezera anthu pamwamba timatchedwa Wankbahn, ndipo pachikwangwani chake tinapeza anyamata atatu a ku Britain akujambulana, akufa ndi phwete, pamene agogo ena a m'deralo ankadutsa ndi ndodo zawo zoyendera osawacheukira.

Tili pamwamba, woyendetsa analoza chakum'mawa n'kutiuza za kamudzi kena ka ku Austria, kumpoto kwa Salzburg, ka anthu pafupifupi 100. Dzina lake lakale linkalembedwa ndendende ngati mawu otukwana kwambiri a Chingerezi, oyamba ndi F aja. Kwa zaka zambiri alendo ankabwera kudzajambulitsa pachikwangwani cha mudziwo, ena atavula, ena n'kuchizula usiku kupita nacho kwawo, ndipo chatsopano chinkagulidwa ndi ndalama za eni mudzi. Atatopa, khonsolo yawo inavota, ndipo kuyambira pa 1 January 2021 mudziwo ndi Fugging. Ine zimenezi zinandikhumudwitsa. Dzina limene makolo awo analitchula kwa zaka mazanamazana linafufutidwa chifukwa cha chinenero cha anthu odutsa. Kuseka Chijeremani si kwa lero ayi, mlembi Mark Twain analemba kale nkhani yochinyogodola mu 1880, koma iyeyo anayamba wavutika kuchiphunzira. Ozula zikwangwaniwa sadziwa ngakhale moni.

Eni dziko nawonso amapunthwa akamalowera mbali inayo. Foni ya m'manja amaitchula Handy, ndipo ambiri amakhulupirira kuti n'Chingerezi chenicheni. Ndiye pali bekommen, kutanthauza kulandira, amene amafanana kwambiri ndi mawu a Chingerezi otanthauza kusanduka. Titabwerera kunyumba ya alendo imene tinafikira, mayi wosamalira malowo, munthu wansangala wovala epuloni yamaluwa, anabwera ndi kabuku kake kudzalemba za kadzutsa. Anafunsa m'Chingerezi chake ngati mawa tikufuna kusanduka mazira kapena soseji.

Bambo a ku Leeds anaganiza kaye mofatsa. “Ine ndisanduka dzira, mayi,” anayankha. “Akazi angawa asanduka soseji.”

Mayiyo analemba, n'kutiuza kuti tisachedwe, chifukwa ikakwana 9 koloko amachotsa mbale.