Jeti ya ku Nchalo idakana phiri la Dedza

Njinga yamoto imene ndimayendera ndi Yamaha DT 175 yomwe adasiya malemu bambo anga. Adaikwera zaka zambiri ali mlangizi wa zaulimi kuno kuchigwa cha Shire, ndipo ku Nchalo sidandivutepo: kiki imodzi, yalira. Ndiye achibale atandiitana mwezi wa June kuti tikamange chiliza cha bambowo kwathu ku Dedza, za basi ndidakana. Ndidafuna njinga yawo ikafike pamanda pawo.

Ndidanyamuka mbandakucha. Kudutsa pa Dyeratu, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenaka chitunda cha Thabwa chokhotakhota chija, pomwe ukacheuka umaona chigwa chonse chili phee pansi pako. Chakumtunda injini idatsokomola kangapo koma sindidasamale. Nditadutsa Blantyre ndi Lunzu n'kutsetserekera ku Zalewa, chifuwacho chidatha chokha.

Mavuto enieni adayamba nditapitirira pa Ntcheu. Ndikakoka moto, m'malo mothamanga njinga inkangobwebweta, utsi uli tolotolo kumbuyo. Anyamata a kabaza, ena atakweza anthu awiri ndi thumba la mbatatesi, ankandipitirira akuseka. Pa Lizulu idazimiratu.

Amene adaimapo pa Lizulu akudziwa: mbali ino ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, ndipo kabichi, karoti ndi tomato zili mbwee uku ndi uku. Mphepo yake ndi yolasa m'mafupa, makamaka kwa munthu wozolowera thukuta la ku Nchalo. Anyamata okonza njinga adandizungulira, aliyense akuti ndigule kabuleta yatsopano. Mayi wina wogulitsa nandolo ndiye adandilozera kwa bambo wachikulire kuseri kwa magolosale.

Bamboyo asadagwire sipanala adafunsa: "Mwachokera kuti, achimwene?"

Nditati ku Nchalo adangogwedeza mutu. Adamasula pulagi, ndipo idatuluka yakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Adayamba waona ngati choki sidakakamire, n'kutsuka fyuluta ya mpweya, chifukwa fyuluta yothina ndi fumbi imadetsanso pulagi chimodzimodzi. Zonsezo zili bwino, adatsegula kunsi kwa kabuleta n'kutulutsa kachitsulo kachikasu, kosaposa njere ya chimanga, kokhala ndi kabowo pakati. Pambali pake padalembedwa 140.

Imeneyo ndiyo jeti yaikulu, khomo limene petulo amadutsira ukakoka moto wonse. Kabowoko sikadziwa kuti uli kuti, kamangothira petulo monga mwa masiku onse. Koma mpweya umapepuka munthu akamakwera: pa mamita 1,000 alionse umachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Nchalo ili pansi penipeni, pomwe Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Njinga yanga inkamwa petulo wa kuchigwa ndi mpweya wa kuphiri, ndiye inkatsamwa. Apo m'pamene ndidamvetsa chifukwa chake idachira potsikira ku Zalewa.

Madalawo adakhuthula kachitini ka majeti panyuzipepala. Ambiri adawakankhira pambali, ati ndi a Keihin, ochokera m'njinga za Honda, pomwe kabuleta yanga ndi ya Mikuni. Manambala a makampani awiriwa sawerengedwa mofanana, ngakhale mazinga ake ndi osiyana. Adaika 135 n'kundiuza kuti ndikwere chitunda ndi moto wonse, ndizimitse injini ndili pa liwiro lomwelo, ndimasule pulagi pompo. Ukabwerera pang'onopang'ono, mtundu wa pulagi umakunamiza. Idali yakudabe. Titaika 130 idatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka, ndipo njinga idakoka mpaka ndidamva ngati bambo ali kumbuyo kwanga.

Dyera lidandigwira. Ndidapempha 120, poganiza kuti ndipulumutsa petulo.

"Ayi, mwana wanga," adatero. "Pulagi yakuda mutsuka. Pisitoni yobooka mukaigula kuti?"

Adanena zoona. Injini ya DT ndi ya two-stroke yozizira ndi mphepo chabe, ndipo petulo yemweyo amathandiza kuziziritsa pisitoni. Mukamumana, pulagi imayera mbuu, injini imatentha mpaka pisitoni kugwira kapena kubooka. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amafuna khomo lokulirapo pang'ono, ndipo mpweya wozizira wa June ndi wolemera kuposa wa October. Zonsezi zimati: chepetsani, koma osanyanya. Singano ya kabuleta sadaikhudze, adangopotoza pang'ono kasikuluwu ka mpweya kuti injini izilira bwino ikaima.

Jeti ya 140 adaikulunga m'kapepala n'kundipatsa m'manja. "Pobwerera musadutse pa Chingeni musanabwezeretse iyi. Kumunsi kuja mpweya ngwambiri."

Ku Dedza ndidafika dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, mitengo ya paini ikununkhira. Azakhali ataona njingayo adaigwira pathanki n'kuyamba kulira. Chiliza tidamanga masiku atatu, ndipo m'chipwirikiti cha matumba a simenti ndi nkhani za pabanja, kapepala kaja ndidakaiwala m'thumba la jekete.

Ndidakakumbukira ku Phalula, masana dzuwa likuswa mtengo, Chingeni nditaisiya kale m'mbuyo. Injini idayamba kulira ngati misomali m'chitini, kutentha kwake kukufika m'miyendo. Ndidazimitsa msanga n'kuikankhira pansi pa mlambe. Pulagi idali itayera. Ndidadikira pafupifupi ola kuti izizire, mtima uli m'mwamba, kenaka n'kubwezeretsa 140 ndekha, petulo akuchucha m'zala, ana atatu ogulitsa malambe akundionerera. Nditaponda kiki ndidamva kuti pisitoni ikadali ndi mphamvu. Idalira kachiwiri.

Ya 130 ija tsopano ndidaimangirira ndi waya pakiyi, podikira ulendo wa chaka chamawa.