Phokoso si mphamvu: zimene ndaona pokonza maekizozi pa Tengani

Ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto ndi kuwotcherera zitsulo pano pa Tengani, m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Bangula kupita ku Nsanje boma. Makasitomala anga ambiri ndi anyamata a kabaza, amene amayendetsa Lifan, Lifo, SanLG ndi Boxer. Amanyamula anthu, matumba a mapira, mbatata za kudimba, mbuzi, ngakhale odwala opita kuchipatala. Pa zitsulo zonse za njinga, chimene timakanganirana kwambiri ndi ekizozi.

Mnyamata akangogula njinga, sipatha nthawi asanabwere n'kunena kuti, "Madala, tandiboolereni sailensa, njingayi ikulira ngati yodwala." Wina amabwera atanyamula kale ekizozi yonyezimira imene wagula ku Limbe kapena kutsidya ku Mozambique, yaifupi, yakamwa lalikulu. Onsewa amakhulupirira kuti utsi ukamatuluka mosavuta njinga imathamanga, petulo n'kumatha pang'ono. Ine ndimawauza kuti akhale kaye pansi timvane, popeza ndalama imene akufuna kundipatsa ndi yochepa poyerekeza ndi imene adzataye pambuyo pake.

Injini za njinga zimenezi, za 125 kapena 150 cc, zimagwira ntchito m'magawo anayi: imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, imaupanikiza, pulagi imayatsa, kenako pisitoni imakankha utsi kunja. Pali kamphindi kamene valavu yotulutsa utsi imakhala isanatsekeke pomwe yolowetsa mpweya yayamba kale kutseguka. Pa kamphindi kameneko, utsi umene ukuthamanga mu paipi umakoka utsi wotsalira, n'kuthandizanso kukoka mpweya watsopano. Kuti zimenezi zitheke, utsiwo uyenera kukhala ndi liwiro. Tonse timawadziwa madzi a mu Shire: pamene mtsinje wapanikizika amathamanga, koma akafika m'dambo n'kumwazikana amangoyenda mwaulesi. Utsi nawo ndi chimodzimodzi. Paipi ikakula kupitirira muyezo, liwiro la utsi limatsika, makamaka injini ikamazungulira pang'onopang'ono.

Ndiye funso ndi lakuti, wa kabaza amafuna mphamvu nthawi iti? Amaifuna ponyamuka atakweza anthu awiri ndi thumba, podutsa pamchenga wa m'timitsinje touma, pokwera kuchoka kudoko. Monsemo injini imakhala ikukoka pa giya yotsika. Apa ndi pomwe ekizozi yaikulu imabera mphamvu. Kamphamvu kamene imawonjezera kamabwera injini ikalira mpaka mapeto, pa tala wowongoka, ndipo pa injini yaing'ono chonchi kusiyanako n'kochepa kwambiri. Mwini wake amangomva kubangula n'kumaganiza kuti njinga yasanduka ina, chikhalirecho akugwiritsa ntchito kilatchi kwambiri ponyamuka ndi kupotokola mafuta mopitirira kale.

Vuto lachiwiri lili mu kabureta. Ku fakitale anayeza jeti ya kabureta, fyuluta ya mpweya ndi ekizozi kuti zigwirizane. Mukachotsa timagawo ta m'kati mwa sailensa, muyezo uja umasokonekera, ndipo kawirikawiri mpweya umachuluka pomwe petulo wachepa. Zizindikiro zake sizibisika. Njinga imaphulika phuphuphu mukabweza mafuta, paipi imasanduka yabuluu pafupi ndi injini, ndipo mukamasula pulagi mumaipeza yoyera mbee m'malo mofiirira. Moto wotere umatentha kwambiri. Injini zathu zimazizira ndi mphepo basi, zilibe madzi, ndipo kuno m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Mapeto ake valavu yotulutsa utsi imapsa, njinga imayamba kuvuta kuliza m'mawa, mwinanso pisitoni imagwira.

Palinso zina ziwiri zimene zimakulitsa vutoli kuno kwathu. Chigwa chino n'chotsika, pano pa Tengani sipafika mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000. Mpweya wa kuno ndi wolemererapo, choncho njinga imene inatcheredwa ku Blantyre ikatsika phiri la ku Chikwawa imakhala ikufuna petulo wowonjezera pang'ono. Komanso petulo wa m'dziko muno amamusakaniza ndi ethanol, amene ena amapangidwa ndi kampani ya PressCane ku Chikwawa konkuno kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amachititsanso kuti moto ukhale ngati wachepekedwa mafuta. Pa njinga yosasinthidwa zimenezi sizivuta, koma mukawonjezapo sailensa yoboola mwaika injini pangozi.

Munthu akakakamira ekizozi yakeyo, ndimamuikira, koma ndimamuuza kuti tisinthenso jeti, tiike yokulirapo, tikwezenso singano ya kabureta. Ndikatero ndimamutuma akayende, abwere ndione mtundu wa pulagi, mpaka ifiirire bwino. Injini imapulumuka, koma jeti yaikulu ndiye kuti petulo wambiri. Wotsutsa ndimamupatsa njira yodziyezera yekha: akhuthule thanki, athiremo lita imodzi, ayende msewu umodzimodzi ndi katundu wofanana mpaka njinga izime, ayang'ane pamene yafika, kenako abwezere ekizozi yakale ayesenso. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso kusowa kwa mafuta kumene kwatichititsa kugula petulo wa m'mabotolo pamtengo wokwera, palibe wa kabaza amene angaseke nkhani ya lita.

Sindikunena kuti ekizozi yogula padera ndi yachabe paliponse. Pali injini zina za magawo awiri, monga za Yamaha DT125 ndi AG100 zimene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ankayendera kwambiri, zosakaniza oyilo ndi petulo. Paipi yake ili ndi mimba pakati, ndipo mimbayo si yokongoletsa. Injini imeneyi ilibe mavalavu ngati a zinazi, ndiye petulo wina wosapsa amathawira mu paipi. Funde la utsi likagunda pamene mimba yayamba kuchepa limabwerera, n'kukankhira petulo uja mu silinda khomo lotulutsira utsi lisanatsekeke. Amene anatchuka pokonza luso limeneli ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950. Ku Canada ndi maiko ena ozizira kuli timagalimoto toyenda pa chipale chofewa, monga Ski-Doo, ndipo tambiri tili ndi injini zamtundu womwewu. Eni ake amagula mapaipi apadera n'kupezadi mphamvu yowonjezera, koma mphamvuyo imabwera injini ikazungulira pa liwiro limene paipiyo anaipangira, ndipo amayenera kutcheranso mafuta ndi kilatchi. Iwo amachitira masewera. Ife njinga ndi munda wathu, ndipo paipi ya DT ukangoidula kapena kuiphwanya mimba, njinga yatha mphamvu. Chimene imafuna ndi kuichotsa mwaye wa oyilo umene umaundana m'kati, ntchito imene ndimachita poiwotcha pamoto n'kuigogoda.

Ntchito yambiri ya ekizozi imene ndimagwira si yosintha, koma yopulumutsa. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi a namondwe Freddy mu March 2023 anamiza njinga zambiri m'boma lino, ndipo chaka chilichonse dzinja likafika anyamata amawoloka mitsinje madzi ali m'mawondo. Njinga ikazimira m'madzi musailize. Masulani ekizozi muikhuthule, chotsani pulagi, pondani kiki kuti madzi atuluke mu silinda, sinthani oyilo, tsukani kabureta. Matope akaumira mu sailensa amatseka njira ya utsi, ndipo sailensa yotsekeka nayo imadya petulo. Njinga imalira motsamwa, imakana kukoka mukapotokola mafuta, ndipo pulagi imada bii. Mankhwala ake ndi kutsegula, kutsuka ndi kubwezera timagawo m'malo mwake, osati kuboola ndi chitsulo.

Chitsulo cha sailensa n'chopyapyala. Makina owotcherera a magetsi amangochiboola, n'chifukwa chake ndimagwiritsa ntchito moto wa gasi ndi waya woonda. Ndimadula motsatira msoko wa ku fakitale, ndimapala dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, ndimalumikiza timadontho kaye kuti chisapindike, kenako ndimatseka msoko wonse. Sindiwotcherera ekizozi ili panjinga, chifukwa thanki ndi paipi ya petulo zili pafupi. Pobwezera ndimaika gasiketi yatsopano pakamwa pa injini. Gasiketi yakale ikamapumira imalowetsa mpweya, ndipo njinga imaphulika ngati yoboola sailensa. Mabawuti a pamenepo amagwira dzimbiri, choncho ndimayamba ndawathira oyilo n'kudikira, popeza bawuti ikathyokera m'mutu wa injini ntchito yaing'ono imasanduka yaikulu.

Chinthu china chimene maekizozi onyezimira ambiri alibe ndi chitsulo chotchinga kutentha. Amayi athu amakwera njinga chammbali atavala chitenje, nthawi zina mwana ali kumbuyo. Mwendo ukakhudza sailensa yotentha, chilonda chake sichipola msanga. Pa chifukwa chimenechi, ekizozi iliyonse yotuluka m'manja mwanga imakhala ndi chotchingira, ngakhale ndichite kusula ndekha. Ndipo wokwera amene akupita kuchipatala usiku, kapena gogo amene akuchokera kumaliro, safuna njinga yogonthetsa m'kutu. Ng'ombe ndi mbuzi zimene zimadzaza msewu uno madzulo nazo zikadzidzimuka zimathamangira kulikonse.

Inu achimwene a kabaza, ngati ekizozi ya ku fakitale ikadali yabwino, isiyeni. Ikaola, gulani yofanana nayo kukula kwa paipi ndi kutalika kwake, ndipo muiyeze m'manja, chifukwa yopepuka kwambiri m'kati mwake mulibe kanthu. Ndalama imene mukanagulira yaphokoso gulirani oyilo wabwino, tsukani fyuluta ya mpweya pafupipafupi chifukwa fumbi la kuno ndi lambiri, tcheretsani mavalavu, thirani mpweya wokwanira m'matayala, ndipo musalole tcheni kuuma. Zimenezi ndi zomwe zimachepetsa petulo ndi kusunga injini.