Mvula ya agogo ndi nkhokwe ya mawu

Ndikulemba ndili ku Mambo, lokeshoni yakale ya mumzinda wa Gweru, kumene ndinabadwira. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nakalowa ntchito m'migodi ya chrome ku Selukwe, kumene lero timati Shurugwi. Kumudzi sanabwererenso. Agogo aakazi anawatsatira, ndipo Chichewa chimene ndimalankhula ndinachitola pakamwa pa iwo.

Nditamaliza maphunziro a sayansi ya zinenero, ndinayamba kujambula mawu a okalamba a ku Shurugwi, Kwekwe ndi Zvishavane. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma Chichewa cha m'makomboni a migodi sindinachipeze m'mabuku otanthauzira mawu amene ndinaphunzira nawo. Choncho ndinadziphunzitsa kulemba mapulogalamu, kuti ndipange kabuku kotanthauzira mawu ka pa intaneti, komwe munthu angawerenge liwu ndi kumva mwini wake akulitchula.

Pulogalamu yotere imafunika kukumbukira zinthu zambiri nthawi imodzi: mawu onse, matanthauzo ake, liwu limene wowerenga akufufuza, ndi chojambula chimene chikumveka. Zonsezi amisiri amazitcha state, ndipo malo ozisungira amawatcha store. Ine ndimangoti nkhokwe. Ndinasankha Redux, chida chimene Dan Abramov ndi Andrew Clark anatulutsa mu 2015. Lamulo lake ndi lakuti nkhokwe ikhale imodzi, ndipo palibe wopisamo dzanja mwachisawawa. Wofuna kusintha kanthu amatumiza uthenga, wotchedwa action, kenaka kachigawo kotchedwa reducer ndiko kamasintha zamkatimo.

Poyamba zonse zinali mu fayilo imodzi, ndipo zinkayenda. Koma mawu atachuluka, fayiloyo inapitirira mizere chikwi, mwakuti kukonza kanthu kakang'ono kunkanditengera madzulo onse. Ndinaona kuti yakwana nthawi yoigawa.

Ndinaigawa monga mmene mutu wanga unazolowerera kusukulu, kumene tinkaphunzira zinenero poyang'ana mapu: fayilo ya Chichewa cha ku Malawi, fayilo ya Chinyanja cha ku Zambia, fayilo ya Chichewa cha ku migodi. Pamaso zinkaoneka zadongosolo. Koma taganizirani, liwu loti nyumba likhale kuti? Onse amalinena. Ndinalilemba katatu, ndipo ndinachita chimodzimodzi ndi mazana a mawu ena.

Vuto lenileni linabwera ndi liwu loti mvula. Ku Malawi mvula ndi yogwa kumwamba, akumwa ndi madzi. M'Chishona liwu loti mvura limanyamula zonse ziwiri. Agogo anga, atakhala zaka zoposa makumi asanu pakati pa Ashona, ankati akamva ludzu, "Mwanawe, tandipatsako mvula." Ndinawajambula akunena zimenezi, akuseka okha pozindikira chimene anena. Chojambulacho ndinachimangirira ku mvula ya mu fayilo ya ku migodi.

Agogo anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Patapita milungu ingapo, ndikuchotsa mawu obwerezedwa, ndinapeza mvula pawiri. Ndinasiya ya mu fayilo ya ku Malawi poiyesa yoona, ndi kufufuta inayo. Usiku umenewo ndinatsegula pulogalamu kuti ndimve mawu awo, koma sikunamveke kanthu. Chojambulacho chinalipo pa kompyuta, ndipo mawa lake ndinabweza zofufutazo mothandizidwa ndi Git, imene imasunga mbiri ya zosintha zonse. Koma usikuwo tulo sitinabwere. Chinandipweteka n'chakuti, popanda wondituma, ndinagamula kuti mvula ya agogo ndi yonama.

Ndinayambiranso, ndipo funso linasintha. Ndinasiya kufunsa kumene chinthu chimachokera, ndi kuyamba kufunsa kuti mwini wake wa mfundo iliyonse ndani. Redux Toolkit imalola kugawa nkhokwe m'zigawo zotchedwa slice, chilichonse mu fayilo yake, kenaka fayilo ina yaifupi imazilumikiza kuti nkhokwe ikhalebe imodzi. Ndinapanga zigawo zisanu: cha mawu, cha matanthauzo, cha olankhula, cha zojambula, ndi cha zooneka pa sikirini, monga zimene wowerenga walemba pofufuza.

Ndinadziikira malamulo atatu. Loyamba, mfundo iliyonse ilembedwe malo amodzi okha, ndi nambala yake, ndipo ena onse aziloza nambalayo. Liwu loti mvula tsopano ndi limodzi, lili ndi matanthauzo awiri, ndipo chojambula chilichonse chimasunga nambala ya tanthauzo ndi nambala ya wolankhula. Lachiwiri, chimene chingawerengedwe kuchokera ku zina chisasungidwe. Mndandanda wa mawu omveka ku Shurugwi sukhala m'nkhokwe. Kachida kotchedwa selector kamausonkhanitsa pofunika, poyang'ana olankhula a kumeneko. Lachitatu, chigawo chisalembe m'chigawo chinzake. Ndikafuna kuchotsa tanthauzo ndimatumiza uthenga umodzi, pulogalamu imayamba yaona ngati pali chojambula cholozako, ndipo ikachipeza imandifunsa kaye.

Pogawa motere ndinaona chimene maphunziro anga anandiuza kale koma sindinachimvetse. Dera lasamuka, lachoka pa liwu n'kupita pa munthu. Shurugwi tsopano yalembedwa pafupi ndi dzina la agogo, limodzi ndi Ntcheu. Mawu alibe chiphaso choyendera. Amene anawoloka malire ndi anthu, ndipo aliyense ananyamula matanthauzo ake. David Clement Scott atatulutsa buku lake lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892, pepala linamukakamiza kuika liwu lililonse pa malo ake mu ndondomeko imodzi. Ife tili ndi mwayi woona mawu omwewo m'njira zambiri popanda kuwalemba kawiri, bola tisamange malire m'mafayilo mwenimwenimo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukusonkhanitsa mawu, ena ku Chipata, ena ku Angónia, ena ku Lilongwe, mwina mu Excel kapena m'kope wamba. Musanagawe, dzifunseni chimene chidzachitike liwu limodzi likadzapezeka mbali zonse ziwiri, ndi amene adzafufutidwe pa tsikulo.

Dzulo mng'ono wanga, amene amalankhula Chishona kwambiri kuposa Chichewa, anafufuza mvula pa foni yake. Anaona matanthauzo awiri, nadina lachiwiri. Agogo anapempha madzi, naseka, ndipo iye anawabwereza kanayi.