Tizilombo ta M'chifu ndi Bere la Ng'ombe

Mawu akuti tizilombo amatipatsa mantha tisanamve n'komwe nkhani yake. Tsinde lake ndi lomwe lili m'mawu akuti chilombo, ndipo mphatikiri ti- amangochepetsa msinkhu, ukali osauchotsa. N'chifukwa chake mlimi akamva kuti m'mimba mwa ng'ombe yake muli tizilombo, maganizo amathamangira ku mankhwala.

Komatu ng'ombe payokha singagaye udzu. Chifu chake chili ndi zigawo zinayi, ndipo m'chigawo choyamba, chachikulu chija, mumakhala tizilombo tosawerengeka tomwe timaphwanya msipu kuti ng'ombe ipezemo mphamvu. Popanda ito mkaka palibe.

Ine nkhaniyi imandikhudza chifukwa fizi yanga imachokera m'bere la ng'ombe imodzi yomwe amayi amaweta kwathu ku Thyolo. Bere likatupa, mkaka umatuluka wamibulu, nthawi zina wosakanikirana ndi magazi, ndipo kogulitsira amaubweza. Ng'ombe ikabayidwa jakisoni, pamapitanso masiku angapo mkaka ukungotayidwa. Alangizi a ziweto amalimbikira za ukhondo, ndipo akunena zoona: Staphylococcus aureus amafala kudzera m'manja mwa wokama, pomwe E. coli amakhala m'ndowe n'kulowera kunsonga ya bere.

Ilipo njira ina yomwe siitchulidwa kawirikawiri. Mu Okutobala, nsenjere zikauma, mlimi amachulutsa madeya kuti mkaka usatsike. Chakudya chotere chikachuluka, msipu n'kuchepa, asidi amakwera m'chifu. Tizilombo tina timafa n'kutulutsa poizoni wotchedwa LPS, khoma la chifu limafooka, poizoni uja n'kulowa m'magazi. Tsono kuti lita imodzi ya mkaka ipangidwe, m'bere mumadutsa malita a magazi pafupifupi 500. Chilichonse chili m'magazimo, bere silingachizembe.

M'chaka cha 2018 ofufuza a ku China anatenga tizilombo ta m'ndowe za ng'ombe zodwala mawere n'kuika m'matumbo a mbewa zomwe zinaleredwa zopanda tizilombo tilitonse. Mawere a mbewazo anatupa, kusiyana kwambiri ndi a mbewa zomwe zinalandira tizilombo ta ng'ombe zathanzi. Mbewa si ng'ombe, ndipo sindingauze munthu kuti aleke kusesa m'khola. Koma mlimi amene amatsuka mawere m'mawa ndi madzulo, bere n'kumatupabe, ayenera kufunsidwanso zomwe akuika m'chodyeramo, osati kungomunena kuti ndi wauve.

Chovuta n'kuzifotokoza m'Chichewa. Patchuthi ndinayesa kuwauza amayi kuti asamachulutse madeya chifukwa akuvutitsa tizilombo tabwino ta m'chifu. Anandiyang'ana, n'kuseka.

"Tizilombo tabwino? Mawa udzandiuzanso za fisi wabwino. Nanga msipuwo m'chilimwe muno ndiutenga kuti?"